Chigongono cha pa Khoma la Akatswiri

Halvor, Iowa
16 Novembala 2023

Okondedwa Achemwali a Verna,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Yuma, ndi kuti bondo lija lasiya kukusautsani. Kuno tilipo. Chimanga anthu amaliza kukolola, kuzizira kwayamba, ndipo mlamu wanu Harold wagulanso fosholo ina yochotsera chipale chofewa, ngakhale kuti m'galaja muli kale zinayi. Akuti iyi ili ndi chogwirira chabwino. Ine ndasiya kufunsa.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni inu mumanditchinga ngati kale pabwalo. Ndisanafike pamene ndikupita mwandilanda kale mawu, mwayamba kukamba za mphaka wanu. Papepala pano simungandilande, ndiye chonde khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, ngakhale pofika pakati mudzafuna kuing'amba.

Dzana, Lachiwiri, komiti yathu ya Khoma la Akatswiri a basiketibolo ya atsikana inakumana kusukulu kwathu kuja. Khomalo likadali pomwe munalisiya, m'khonde lolowera m'bwalo la masewero, ndipo chithunzi changa chikadali pamenepo chipachikireni mu 1985. Dzina lanu linabweranso patebulo, ndipo aka kanali kakhumi. Lamulo mukulidziwa: dzina likakanidwa kakhumi limachotsedwa, silibweranso mpaka kalekale. Pa anthu asanu a m'komiti pamafunika mavoti atatu.

Zaka zisanu ndi zinayi zonsezi, Novembala aliyense ndakhala ndikukuimbirani n'kunena kuti, “Achemwali, ndamenya nkhondo koma akana.” Inu n'kuyankha kuti, “Zisiye Ardith, khoma sadya.” Mumayankha moseka, koma ine ndinakula nanu chipinda chimodzi, ndimadziwa kaseka kanu koona ndi kaseka kobisa chilonda. Ndimadziwanso kuti chiikireni maliro a amayi simunapondenso kuno.

Tinakumana 2 koloko masana m'laibulale. Panali a Dwayne Kooiker, wapampando wathu wamuyaya, amene chipumireni pa ntchito yogulitsa mbewu alibe china chochita koma kuloweza malamulo. Panali Marlys Tiedemann wa ku Steen, mdani wanu uja. Chiphatikizireni sukulu yawo ndi yathu timakhala naye komiti imodzi, ndipo sanasinthe, amayankhulabe ngati akuitana nkhumba kutsidya kwa munda. Panalinso Kelsey Brandt, kochi watsopano wa atsikana, wa zaka 29, wochokera kutauni, amene walowa m'malo mwa kochi wakale uja. Abusa, membala winanso wa komitiyi, sanabwere, ali kuchipatala, akuwakonza chiuno. Ine ndinabweretsa makeke anga a mandimu odula m'timabwalo aja.

Kelsey anatsegula laputopu yake, n'kuyang'ana, n'kuvula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuyang'ananso.

“Pepani akuluakulu, apa wolemba analakwitsa,” anatero. “Akuti Verna Hovland, masewero 94, mapointi ziro.”

“Palibe analakwitsa, mwana wanga,” anatero a Dwayne akudzigwira pamimba. “Ziro. Dzira lenileni.”

“Ankadwaladwala? Kapena ankangokhala pabenchi?”

“Sanajombe sewero ndi limodzi lomwe.”

“Zaka zinayi, osagoletsa ngakhale mwangozi? Aa, ndiye tikukambirana chiyani? Tingodutsa.”

Achemwali, mukanamuona Marlys. Anaika kapu ya khofi pansi mwamphamvu mpaka woyang'anira laibulale anasuzumira pakhomo.

“Iwe mtsikana, unabadwa liti?”

“Mu 1994.”

“N'chifukwa chake. Wabadwa mpira weniweni atauika kale m'manda. Tabweretsa kuno mbale imeneyo.”

Anakoka mbale ya makeke anga, n'kugoneka mpeni pakati pa tebulo, n'kuyala makeke atatu mbali iyi, atatu mbali inayo.

“Taona. Nthawi yathu timu ya atsikana inkakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi. Atatu kutsogolo, ogoletsa. Atatu kumbuyo, otchinga. Mpeni uwu ndi mzere wapakati, ndipo sunkadumphidwa. Ukangouponda, wezulo. Mpira unkadunditsa kawiri basi, kenako upatsire mnzako. Azibambo a nzeru zawo anaganiza kuti mtsikana akathamanga bwalo lonse akomoka. Ife amene tinkapita kusukulu titakama kale ng'ombe khumi ndi ziwiri! Ndiye wotchinga akalanda mpira, ntchito yake inali kuuponyera kutsidya kwa mzere, kwa ogoletsa. Kumbali kwakeko kunalibe golo yoti n'kugoletsamo. Wamva? Kunena kuti Verna sanagoletse n'chimodzimodzi kuzenga tambala mlandu chifukwa sanaikire mazira.”

Ali mkati mofotokoza, a Dwayne anatambasula dzanja n'kutola keke imodzi ya kumbuyo.

“Dwayne! Wadya wotchinga wanga!”

“Ndimayesa wafotokoza kale,” anatero kukamwa kuli tho. Atameza anayamba nyimbo yawo ya chaka ndi chaka. “Ine zanga n'zachidule. Manambala sanama. Khoma limeneli ndi la manambala. Ardith apa ali ndi mapointi 3,000 ndi kusefukira. Iwe Marlys uli nawo ako. Lero tikaika munthu wa ziro, mawa wina abweretsa dalaivala wa basi ya timu, nayenso sanajombepo.”

“Iwe Dwayne, usatinamize ife anzako okalamba,” anatero Marlys. “Mlandu wa Verna si ziro ayi. Mlandu wake ndi woti anakukana ku dansi ya mu 1968 n'kupita ndi Gene wamakutu uja.”

A Dwayne anafiira mpaka padazi. “Tsiku limenelo ine ndinali ndi chimfine. Sindinkafuna n'komwe kupita.”

“Eya, chimfine chovala tayi, chonyamula maluwa m'manja.”

Kelsey anadziluma mlomo kuti asaseke, ndipo anayesa kubweza nkhani mumsewu. Anafunsa ngati pali manambala ena, monga mipira imene munalanda kapena imene munatchinga. Tinamuuza kuti kulibe. Wolemba kaundula wa nthawi imeneyo anali mayi Sorlie aja, ndipo ankangolemba mapointi, kwinaku akuluka juzi.

“Ndiye ndivota potengera chiyani?” anafunsa Kelsey. “Ine sindinawaonepo akusewera. Sindingaike munthu pakhoma chifukwa cha nthano.”

“Ukufuna nambala?” anatero Marlys. “Lemba iyi: naini. Tsegula dzina langa, Febuluwale 1969.”

Kelsey anadinadina, n'kuyamba kuwerenga mokweza. “Marlys Tiedemann, mapointi 55. Kenako 61. Kenako 48. Kenako, pa ndime yomaliza ya chikho cha chigawo, pokumana ndi Halvor... naini. Munavulala?”

“Ndinalowa ndili bwinobwino, ndinavulala potuluka. Anandipatsa Verna. Ndikapita kumanja ali pomwepo, ndikapita kumanzere wafika kale. Ndinayamba kuganiza kuti a Hovland ali ndi mapasa. Pa nthawi yopuma ndinapita kuchimbudzi, potuluka ndinasuzumira kaye, kuopa kuti akundidikira pakhomo.”

Apa Marlys anaimirira n'kukweza bulauzi mbali imodzi, m'laibulale ya sukulu, mayi wa zaka 72. A Dwayne anayamba kuwerenga malata a padenga.

“Nthiti iyi ukuyiona? Inakumana ndi chigongono chake. Mpaka lero mvula ikamabwera imandiuza, ndipo imatchula dzina la Verna. Mayi ameneyo ndadana naye zaka 54. Ndipo chaka chilichonse ndimamuvotera, chifukwa ngati iye sali katswiri ndiye kuti ine ndinatsekeredwa ndi munthu wamba, ndipo zimenezo sindingafe nazo.”

Kelsey anayambanso kudina pa laputopu paja. Anatsegula maina a ogoletsa ena onse otchuka a zaka zimenezo, wa ku Dorsey uja, ndi mtsikana wamtali wa kwa a Amundson. Aliyense manambala ake anali okwera, koma akafika pa sewero la Halvor ankagwera m'dzenje: 12, 8, 14. Anatembenuza laputopu kuti tonse tione.

“A Kooiker, mwanena zoona, manambala sanama,” anatero. “Manambala a mayiwa alipo. Kungoti analembedwa m'makaundula a adani awo. Ine ndavomera.”

A Dwayne anatsokomola, n'kutsegula buku lawo. “Chabwino. Ovomera awiri. Ine ndakana. Abusa kulibe. Ardith, monga mwa chaka chilichonse, savota chifukwa ndi m'bale wake. Atatu sanakwane. Dzina lachotsedwa, tipite kwina.”

Achemwali, bwererani muwerengenso mawu a a Dwayne amenewo. Sindinalakwitse polemba.

Zaka zisanu ndi zinayi sindinakuvotereni. Chaka chilichonse Marlys ndi abusa ankavomera, a Dwayne ndi kochi wakale ankakana, ndipo ine ndinkapinda manja n'kunena ndi nkhope yachikhristu kuti, “Sikoyenera kuti ndivotere m'bale wanga.” Anthu ankandiyamikira kuti ndine wachilungamo. Ndikafika kunyumba n'kukuimbirani kuti ndamenya nkhondo. Voti imodzi imene inkasowa ija inali yanga. Ndikulemba izi manyazi akundiwotcha kumaso.

Ndikanapulumukanso chaka chino pakanapanda Kelsey. Ana a masiku ano sakhulupirira chinthu asanachione cholembedwa.

“Pepani, lamulo loti m'bale savota lili patsamba liti?” anafunsa.

A Dwayne, amene malamulowo amawadziwa kuposa Pemphero la Ambuye, anatsegula masamba kupita kutsogolo, n'kubwerera kumbuyo. “Aa... silinalembedwe kwenikweni. Anayambitsa ndi Ardith mwini wakeyu.”

Onse atatu anandiyang'ana. Ine n'kuyamba kusesa nyenyeswa za keke patebulo ngati ndi ntchito yofunika kwambiri.

“Komanso ndimafuna kufunsa,” anapitiriza Kelsey, osadziwa kuti akuponda pachilonda. “Chithunzi cha a Verna chilipo? Ine ndangoona chanu chija, a Ardith, mwanyamula chikho. Koma chimandidabwitsa. Chikho chili ndi zogwirira ziwiri, inu mwagwira chimodzi, ndipo m'mphepete mukungooneka chigongono cha munthu wina.”

“Chigongono chimenecho ine ndingachizindikire ngakhale atandimanga m'maso,” anatero Marlys, akundiyang'ana osaphethira. “Zaka 38 ndakhala ndikuchidutsa m'khonde muja, nthiti yanga n'kumadumpha. Ndimangodikira kuti mwini chithunzi adzanena liti.”

Paja akuluakulu amati mlandu suwola. Tsopano imvani zimene sindinauzepo munthu, ngakhale Harold.

Mukukumbukira tsiku la chikho lija, tinawina 66 kwa 41, ine nditagoletsa 47. Anthu anandinyamula m'mwamba. Pobwerera kunyumba m'galimoto ya ababa, inu munagona mutatsamira chitseko, mutatopa. Ababa, amene ankatha sabata yathunthu ndi mawu khumi, anati: “Ardith, wagoletsa bwino. Koma chikho ichi chabwera ndi Verna.” Anangonena kamodzi, sanabwerezenso mpaka imfa yawo. Inu simunamve n'komwe. Ine ndinamva, ndipo mawu amenewo ndawasenza zaka 54. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti ndinkadziwa kuti akunena zoona. Mipira imene ndinkagoletsa ija inkachokera m'manja mwanu. Ine ndinkangoima kutsidya kwa mzere n'kulandira zakupsa.

Ndiye mu 1985 atandipempha chithunzi choti apachike, ndinatenga chija anatijambula wa nyuzipepala titagwira chikho awiri, ndinatenga sizasi ya amayi yosokera, n'kukudulani. Sizasi inakhota, n'chifukwa chake chigongono chinatsalira. Inu ndinakuuzani kuti asukulu ndi amene anadula kuti chikwane m'felemu. Munangoti, “Oo,” ndipo simunafunsenso. Inali nsanje, Achemwali, ilibe dzina lina. Nsanje ya mtsikana wa zaka 17, imene ndaiweta mpaka yamera imvi pamodzi ndi ine.

Chidutswa chanucho sindinataye. Chimakhala m'kabokosi kanga ka makadi a kaphikidwe, kuseri kwa khadi la chiwindi ndi anyezi, kumene ndikudziwa kuti palibe angafike. Novembala aliyense ndimachitulutsa, kuchiika m'chikwama, kupita nacho kumsonkhano ndili ndi mtima woti lero ndiye lero. Ndikafika mtima umagwa, n'kubwerera nacho kwa chiwindi. Chayenda ulendo umenewu kasanu ndi kanayi, moti msewu wa kusukulu chikuudziwa kuposa Harold.

Dzana ndinatsegula chikwama n'kutulutsa chidutswacho. Ndinangodzuka n'kulunjika kukhonde, iwo n'kumanditsatira, a Dwayne atanyamula buku lawo. Ndinagunditsa chidutswacho pagalasi, pambali pa chithunzi changa. Chigongono chinabwerera pa mkono wake ndendende. Munali pamenepo, tsitsi litamatirira pachipumi ndi thukuta, bondo lili ndi bandeji, simukuyang'ana wojambula n'komwe. Mukuyang'ana ine, mukuseka. Zaka zonsezi ndinkaopa kuchiyang'anitsitsa, ndiye ndinali nditaiwala kuti munkandiyang'ana choncho. Ndinalira pomwepo, pamaso pa ana a sukulu amene ankapita kokachita masewero.

Marlys anandipatsa kansalu kake kopukutira kumaso. “Lira msanga, ukavote,” anatero. “Ine ndili ndi nkhuku mu uvuni.”

Ndinakweza dzanja m'khonde momwemo. A Dwayne anati voti ya m'khonde siwerengedwa, ndiye tinabwerera m'laibulale, ndinakhala pampando, n'kukwezanso. Atatu kwa mmodzi. Achemwali, mwalowa.

A Dwayne analemba akung'ung'udza, n'kunenetsa kuti iwo akanabe pa mfundo, ndipo zilembedwe choncho. Atatseka buku anandifunsa chapansipansi, “Kodi Gene uja akadali moyo?” Ndinawakumbutsa kuti amuna anuwo anatisiya mu 2011, ndipo a Dwayne omwewo anatumiza maluwa pamaliro. “Ee, ee, zoona. Ndiye kuti Verna abwera yekha?” Anafunsa akukonza kolala ya malaya. Ndangoti ndikuchenjezeni, mwina chimfine cha 1968 chija chapola.

Tsopano pali kankhani kena. Mwambo mukuudziwa: wolowa pakhoma amaitanidwa pa nthawi yopuma ya sewero la atsikana, amapatsidwa mpira, n'kugoletsa kamodzi pamaso pa tauni yonse. Onse amene analowa kale anali ogoletsa, ndiye palibe anaganizapo kuti tsiku lina padzabwera munthu amene sanaponyepo mpira m'golo anthu akuona. Kelsey anati tikhoza kungodumpha mwambowo kuti tisakuchititseni manyazi. A Dwayne anati mwambo ndi mwambo. Marlys anati muponye ndithu, koma iye aloledwe kukutchingani, wakhala akudikira mwayi umenewu kuyambira 1969. Tinamukaniza. Akuti adzakhalabe pampando wakutsogolo, ngati mungasinthe maganizo.

Ine ndinapempha chinthu chimodzi, ndipo avomera. Wokupatsirani mpira ndidzakhala ine. Ndidzaima kumbuyo, kumbali kwanu kuja, kumene sindinapondepo. Inu mudzadumpha mzere wapakati, wezulo osalira, n'kupita kutsogolo.

Mwambowu udzachitika Lachisanu pa 12 Januwale. Ndikudziwa kuti kudzakhala kozizira ndipo mafupa anu anazolowera dzuwa, koma jekete la amayi lija lilipo, ndipo mafosholo ndiye musadere nkhawa, tili nawo asanu. Harold wakhomanso golo yakale ija pakhoma la khola kuti mudzayeserere. Waitsitsako pang'ono, akuti ndisakuuzeni. Chithunzi chili kwa wokonza mafelemu. Akuti akhoza kuchilumikiza koma mzere wa sizasi uzidzaonekabe. Ndamuuza kuti ausiye uzioneka.

Ngati mutawerenga zonsezi simukufuna kuona nkhope yanga, ndimvetsa, ndipo sindidzadandaula. Bweranibe, mudzafikire kwa Marlys, wanena yekha kuti chipinda chilipo bola musiye zigongono pakhomo. Khomalo ndi lanu, munaligwirira ntchito, lisakuphonyeni chifukwa cha ine. Koma ngati mumtima mwanu mwatsala kamalo, chipinda chathu chakale ndachikonza kale, ndipo bedi la kuwindo limene tinkalimbirana lija ndi lanu.

Harold akupereka moni. Abusa akupereka moni ali chigonere, akuti akhumudwa kuti chaka chimene ajomba ndi chimene zinthu zachitika. Mundiperekere moni kwa ana ndi adzukulu, ndi kwa mphaka yemwe. Mukaimba foni ulendo uno ndidzakhala chete, mudzanene zonse zimene muli nazo, sindidzakudulani.

Pepani, Achemwali. Ndikhululukireni. Ababa ananena zoona, ndipo mawu awo anali anu, ine ndinangowabisa. Za kuphonya musaope. Mukadzaphonya ndidzatola mpira n'kukupatsiraninso, mukaphonyanso ndidzatolanso, ngakhale tauni yonse itopa n'kupita kwawo. Inu munandipatsira zaka zitatu osatopa.

Ndine mng'ono wanu, amene akukudikirani kumbuyo kwa mzere,

Ardith